Mwana wa mlongo wanga akufuna uphungu ku America, timuthandize bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Dedza, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Mwana wa malemu mlongo wanga ali ku America, kudera lotchedwa Maine, kumene amagwira ntchito ya unamwino. Anatenga unzika wa kumeneko zaka 7 zapitazo, ndipo kwa zaka 3 wakhala khansala m'tauni yomwe akukhala. Sabata yatha anandiimbira foni kuti anthu a chipani amupempha kuti aime pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya dera lawolo. Kuno abale asangalala, akuti tapeza MP wa ku America. Tayamba kale kusonkha ndalama ya kampeni, ndipo ena akuti tisindikize nsalu za nkhope yake timutumizire. Koma ine mtima suli m'malo. Kodi mpandowu ndi wofanana ndi wa aphungu athu? Asiye unamwino? Nanga azungu angasankhe munthu wakuda wobadwira ku Dedza? Ine ndiye malume wake, ndipo akudikira mawu anga."

Bambo, mtima ukhale pansi. Zimene mwana wanuyu akulingalira si zachilendo, ndipo si zoopsa monga zikumvekera mukakhala kutali. Ambiri mwa aphungu a nyumba zoterezi anayambira pomwe iye ali lero: m'khonsolo ya tauni, m'bodi ya sukulu, m'komiti yoona za malo. Ine ndakhala kuchigawo chino cha America kwa zaka zambiri, ndipo nthawi ya zisankho ndimathandiza anthu oima pa mipando ing'onoing'ono, makamaka anzathu obwera kuchokera ku Africa. Ndayenda nawo khomo ndi khomo, ndawawerengera ndalama, ndaona ena akupambana, ena akugwa. Choncho ndiyankha monga munthu amene nsapato zake zinathera m'misewu yomweyo.

Koma ndisanafike kulikonse, imitsani kaye msonkhamsonkha uja, lero lomwe. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa munthu amene si nzika ya America, ndiponso alibe chitupa chokhalira m'dzikomo mpaka kalekale chija amati green card, kupereka ndalama kapena katundu ku kampeni iliyonse, kaya ndi ya pulezidenti, ya phungu kapena ya khansala. Nsalu zosindikizidwa ku Lilongwe ndi ndalama zanu zili m'gulu lomwelo, chifukwa ndi katundu wa kampeni wolipiridwa ndi anthu akunja. Kuzembetsanso ndalamayo kudzera mwa msuweni wake wa ku Indiana kuti aipereke m'dzina lake ndi mlandu wina pawokha. Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Mayi wina amene ndinkamusungira mabuku a kampeni analandira madola 300 kuchokera kwa mchimwene wake wa kwawo, mphatso yachikondi chabe, ndipo iye anaiponya mu akaunti ya kampeni osandiuza. Ndinaitulukira usiku ndikukonza lipoti. Tinaibweza m'mawa mwake n'kudziulula tokha kwa oyang'anira zisankho, nkhani n'kuthera pomwepo. Akanaitulukira opikisana naye, bwenzi ili pa tsamba loyamba la nyuzipepala ya m'tauni, ndipo kwa munthu wobadwira kunja, mawu akuti ndalama zakunja amamatirira ngati phula.

Tsopano funso lanu loyamba. Kwathu tili ndi Nyumba ya Malamulo imodzi ku Lilongwe, ya aphungu 229 kuyambira chisankho cha 2025, ndipo pansi pake pali makhonsolo basi. America ili ndi nsanjika ina pakati. Dzikoli ndi mgwirizano wa masteti 50, ndipo steti iliyonse ili ndi bwanamkubwa wake, makhoti ake, malamulo ake aakulu ndi nyumba yake ya malamulo. Aphungu amene mumawaona pa kanema akukangana ku Washington ndi a Congress, alipo 535, ndipo Maine imatumizako anthu 4 okha. Mwana wanu sakupita kumeneko. Akufuna kupita ku Augusta, likulu la Maine, kumene kuli nyumba ziwiri: ya aphungu 151, ndi ya maseneta 35. M'dziko lonselo aphungu a masteti amapitirira 7,300.

Maine ili ndi anthu pafupifupi 1.4 miliyoni. Mukagawa ndi 151 mupeza kuti phungu mmodzi amaimira anthu ngati 9,000, ana ndi makanda omwe. Ku Dedza amenewo ndi anthu a midzi ingapo chabe. Ndiye abale akamati MP wa ku America sakunama kwenikweni, popeza adzapanga nawo malamulo, koma chithunzi chomwe chili m'mitu mwawo, cha galimoto yaikulu, dalaivala ndi anyamata otsegula chitseko, chifufuteni. Phungu wa ku Maine amadziyendetsa yekha, amachotsa yekha ndi fosholo chipale chofewa pakhomo pake m'mawa asananyamuke, ndipo ku Augusta ambiri alibe ngakhale ofesi yawoyawo. Ali ndi desiki m'nyumba ya malamulomo, ndipo wowathandiza ntchito amagawana ndi aphungu anzawo angapo.

Kuchepa kwa ulemerero kusakupusitseni kuti mpandowo ulibe mphamvu. Zambiri zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku ku America zimagamulidwa m'masteti: ndalama zopita kusukulu, misewu, malipiro ochepetsetsa a wantchito, ziphaso za anamwino ndi aphunzitsi, malamulo a lendi, thandizo la chipatala kwa osauka lomwe ku Maine amalitcha MaineCare. Aphungu a ku Maine amasankhanso okha loya wamkulu wa steti, mlembi wamkulu amene amayendetsa zisankho, ndi msungichuma. Khansala amalimbana ndi maenje a mumsewu ndi msonkho wa nyumba, koma kawirikawiri amapeza kuti manja ake amangidwa ndi lamulo lopangidwa ku Augusta. N'chifukwa chake makhansala ambiri akatha zaka zingapo amayamba kuyang'ana kumeneko. Amatopa ndi kupepesa anthu pa zinthu zomwe sangathe kuzisintha.

Pa funso la khungu, ndikuuzeni za mayi wina amene wayenda kale njira yomweyi m'steti yomweyo. Dzina lake ndi Deqa Dhalac. Anabadwira ku Mogadishu, anachoka ku Somalia dziko likulowa m'nkhondo yapachiweniweni, anafika ku Atlanta mu 1992, kenako anasamukira ku Maine mu 2005. Poyamba anali ku Lewiston, tauni yomwe kuli Asomali ambiri, ndipo mu 2008 anakhazikika ku South Portland, tauni ya anthu ngati 26,000, ochuluka kwambiri mwa iwo azungu. Kwa zaka zambiri ntchito yake inali yomasulira ndi yothandiza mabanja obwera kumene, kuwalondolera ku sukulu, ku chipatala ndi ku maofesi. Mu 2018 mpando wina wa khonsolo unatsala wopanda munthu, iye anaima pa chisankho chapadera n'kupambana. Mu December 2021 makhansala anzake anamusankha kukhala meya, ndipo nyuzipepala zinamutchula kuti ndi munthu woyamba wochokera ku Somalia kukhala meya ku America. Mu November 2022 anasankhidwa kupita ku nyumba ya aphungu ku Augusta, tsiku lomwelo ndi Mana Abdi wa ku Lewiston. Mayi wachisilamu wovala mpango kumutu, m'steti imene anthu 9 mwa 10 aliwonse ndi azungu.

Ndiye yankho ndi lakuti inde, angathe kumusankha. Koma taonani zaka zimene zili m'nkhaniyi. Kuchokera pamene anafika ku Maine mpaka kulowa m'khonsolo panadutsa zaka 13. Amene anamuvotera sanavotere nkhani yokoma ya munthu wothawa nkhondo. Anavotera munthu amene anamuonapo pa msonkhano wa makolo kusukulu, amene anawayankhapo foni. Umeya wakenso muumvetse bwino: ku South Portland meya sasankhidwa ndi anthu onse, amasankhidwa ndi makhansala 7 pakati pawo kwa chaka chimodzi, ndipo ntchito za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi manijala wolembedwa ntchito. Ndi mpando wotsogolera misonkhano. Phindu lake linali lakuti anzake amene ankagwira naye ntchito sabata ndi sabata anamukhulupirira, ndipo mbiri yotereyi ndi imene imanyamula munthu kupita ku Augusta. Mwana wanu ali kale ndi zaka 3 za mtundu umenewu, kuwonjezera apo ndi namwino. Musapeputse chimenechi. Maine ndi imodzi mwa masteti okhala ndi okalamba ambiri, ndipo pafupifupi banja lililonse lili ndi wina amene anasamalidwapo ndi namwino usiku.

Pali kusintha kumodzi kumene makhansala ambiri sakukonzekera. M'matauni ambiri a ku Maine chisankho cha khonsolo sichiyendera chipani. Pa pepala lovotera pamangokhala dzina. Chisankho cha ku Augusta chimayendera chipani, Democratic kapena Republican, ngakhale alipo ochepa oima paokha. Tsiku limene adzalengeze chipani chake, ena mwa anthu amene ankamukonda ngati khansala adzayamba kumulonjera mozizira. Mnansi amene ankamubwereka makina ochotsera chipale adzazika chikwangwani cha wopikisana naye pa kapinga wake, moyang'anizana ndi zenera la kukhitchini. Zimawawa, ndipo ndi bwino adziwiretu.

Mukamuimbira, funso loyamba kumufunsa likhale ili: chipanichi chakupempha iweyo chifukwa chiyani? Si funso lachipongwe. Zipani zimafuna kuti pa mipando yonse 151 pakhale dzina lawo, ngakhale m'madera amene sizinapambanepo kwa zaka 20, ndipo zimasakasaka munthu waulemu wake woti adzaze mpatawo. Ndaonapo anthu abwino akuthera chaka chathunthu ndi mphamvu zawo zonse pa mpando womwe aliyense m'chipani ankadziwa kuti sungatheke. Zotsatira za zisankho zakale zili poyera pa tsamba la intaneti la mlembi wamkulu wa steti. Ayang'ane zisankho zitatu zapitazi m'dera lakelo. Ngati chipani chake chimapambana mosavuta, monga zilili kwa a Democratic ku Portland, mzinda waukulu wa Maine, ndi matauni oyandikana nawo, kapena kwa a Republican m'madera ambiri a kumidzi, nkhondo yeniyeni ndi ya chisankho chachipulula mu June, osati ya November. Ngati chimagonja ndi mavoti ochepa, ndiye mpikisano weniweni, ndipo chipani chidzamuthandiza ndi mtima wonse. Ngati chimagonja kutalitali, aime pokhapokha ngati akufuna kuphunzira ndi kudziwika, akudziwa kuti sapambana.

Afunsenso ngati mpandowo uli ndi mwini wake. Kuyambira pa referendamu ya 1993, phungu wa ku Maine saloledwa kupitirira materemu 4 otsatizana m'nyumba imodzi, ndipo teremu ndi zaka 2, kutanthauza zaka 8. Choncho mipando imatseguka kawirikawiri, ndipo wanzeru amadikira chaka chomwe wokhalapoyo akutuluka. Kugwetsa phungu amene ali pampando n'kovuta kulikonse. Zimachitika, monga Ilhan Omar anagonjetsera Phyllis Kahn ku Minnesota mu 2016, mayi amene anakhala pampando zaka zopitirira 40, koma anthu amaikumbukira nkhaniyo chifukwa chakuti sizichitikachitika.

Zoyenereza zake n'zosavuta. Akhale wa zaka 21, akhale nzika ya America kwa zaka 5, akhale m'steti kwa chaka chimodzi ndi m'dera lomwe akuimiralo kwa miyezi 3 chisankho chisanachitike. Zaka 7 za unzika zomwe mwatchula zikukwana. Kuti dzina lilowe pa chipulula amafunika masiginecha 25 okha a anthu olembetsa m'chipani chake m'deralo, operekedwa pofika pakati pa March. Ndi ochepa, koma amagwetsa anthu. Chaka china ndinatolera masiginecha 27 pakhomo la tchalitchi, ndili wokondwa kuti ndamaliza tsiku limodzi. Kalaliki wa tauni anawayang'ana m'kaundula mmodzimmodzi, cholembera chofiira m'manja, n'kufufuta 6: atatu sanali a chipanicho, awiri ankakhala tsidya lina la msewu womwe ndi malire a dera, mmodzi anali asanalembetse n'komwe. Tinatsala ndi masiku awiri, tinathamanga ngati agalu osaka. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti atolere ochuluka ndithu, ndipo apite nawo kwa kalaliki kudakali sabata ziwiri.

Nanga ndalama ya kampeni idzachokera kuti, poti ndakukanizani? Apa Maine ili ndi dongosolo lomwe ine ndimalisirira. Mu 1996 anthu anavomereza lamulo lotchedwa Maine Clean Election Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa chisankho cha 2000. Woima pa mpando wa phungu akatolera zopereka za madola 5 kuchokera kwa anthu 60 olembetsa kuvota m'dera lake, boma limamupatsa ndalama yoyendetsera kampeni, iye n'kulonjeza kuti salandiranso za anthu ena kapena za makampani, kupatula kandalama kochepa koyambira. Madola 5 amenewo sapita m'thumba mwake, amapita ku thumba la boma. Ntchito yake ndi kuonetsa kuti pali anthu 60 enieni amene akumufuna. Aphungu ambiri a zipani zonse ziwiri analowa kudzera njira imeneyi. Kwa munthu ngati mwana wanu, amene alibe abale olemera m'dzikomo, ndi njira yomwe ndingamulangize. Oyang'anira dongosololi ndi bungwe la boma lomwe anthu amangolitchula kuti Ethics Commission, ku Augusta komweko, ndipo ogwira ntchito kumeneko amayankha mafunso a oima pa chisankho mwaulere. Awaimbire asanalandire kapena kugwiritsa ntchito dola ngakhale imodzi.

Kampeni yakenso si ya mtundu womwe mukuudziwa. Kulibe msonkhano wa pabwalo, kulibe magule, kulibe lole yotuta anthu, ndipo kugawa ndalama kapena shuga kwa ovota ndi njira yachidule yopitira kukhoti. Chida chachikulu ndi nsapato. Munthu amatenga mndandanda wa ovota pa foni, n'kuyamba kugogoda zitseko kuyambira chilimwe mpaka November, madzulo aliwonse akaweruka ndi Loweruka lonse. M'dera la anthu 9,000 n'zotheka kufika pafupifupi pakhomo lililonse, ndipo amene amapambana nthawi zambiri ndi amene wagogoda zitseko zambiri. Ndikukumbukira madzulo ena mu October, mdima utayamba kugwa msanga, ndikuperekeza bambo wina wa ku Central Africa. Tinagogoda pa kanyumba ka matabwa, galu akuuwa m'kati. Anatsegula mkulu wina wa zaka za m'ma 70, chitseko cha sefa chili chotseka pakati pathu. Sanafunse za chipani. Anafunsa kuti, kodi mukudziwa kuti mafuta otenthetsera nyumba ndalipira zingati chaka chatha? Mnzangayo sanayankhe ndi lonjezo. Anatulutsa kabuku, n'kufunsa kuti thanki yawo ndi yaikulu bwanji, amadzaza kangati, ndipo anayesapo kufunsira thandizo la boma la mafuta. Tinaima pamenepo mphindi 20, zala zitauma. Pochoka, mkuluyo anatsegula chitseko cha sefa chija n'kumugwira chanza. Sindikudziwa kuti anavotera ndani. Koma kampeni ya ku Maine ndi imeneyo, kuchulukitsa ndi 3,000. Namwino amene amadziwa kumvetsera wodwala wokwiya ali ndi theka la luso lofunikalo.

Si zitseko zonse zimene zimatseguka motero. Adzamva mawu akuti bwerera kwanu, pakhomo kapena pa Facebook, ndipo azimayi akuda ndi amene amalandira zonyansa zambiri. Ziopsezo kwa andale zawonjezeka m'zaka zino. Mu June 2025 ku Minnesota, Melissa Hortman, amene anakhalapo sipikala wa nyumba ya aphungu ya stetiyo, anaphedwa kunyumba kwake pamodzi ndi mwamuna wake. Zotere n'zosowa kwambiri, ndipo aphungu zikwizikwi amagwira ntchito yawo popanda kukhudzidwa, koma sindingakubisireni. Asayende yekha kukada, wina adziwe misewu yomwe ali tsiku lililonse, ndipo uthenga uliwonse woopseza ausunge n'kuupereka kupolisi m'malo moufufuta chifukwa cha manyazi.

Tifike pa funso limene ine ndikuliona lalikulu kuposa onse, la ntchito. Ayi, asasiye unamwino. Uphungu wa ku Maine si ntchito ya chaka chonse ndipo sulipira ngati ntchito. Atakweza malipiro posachedwapa, phungu amalandira madola 25,000 chaka choyamba ndi 20,000 chaka chachiwiri, kuphatikizapo alawansi ya chakudya, malo ogona kapena mafuta a galimoto pa masiku a zokambirana, ndi inshulansi ya chipatala. Mukasintha m'makwacha zioneka ngati chuma chosatha, ndipo ndikudziwa kuti wina kumudzi watulutsa kale kakyuleta. Koma lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri ku Portland ingathe kumeza ndalama yonseyo m'chaka chimodzi, ndipo namwino wa ntchito yokhazikika amapeza kuwirikiza kawiri, mwinanso katatu. Maine sili pansi penipeni. Oyandikana nawo a New Hampshire amalipira aphungu awo madola 100 pa chaka, Texas 7,200, pamene California imapitirira 120,000 chifukwa kumeneko ndi ntchito ya chaka chonse. Choncho mawu akuti phungu wa steti amatanthauza zinthu zosiyana kwambiri malinga ndi kumene uli.

Kulibenso thumba la chitukuko cha m'dera longa CDF yathu. Phungu sagula mabokosi a maliro, salipira fizi, samanga milatho ndi dzina lake. Anthu a m'dera lake amamuimbira kuti awathandize pamene ofesi ya boma yachedwetsa chiphaso kapena ndalama ya ulova, ndipo iye amangokankha mafayilo. Izi muwafotokozere bwino abale, chifukwa choopsa chimene ndikuchiona n'chakuti akapambana, mapempho ochokera kumudzi adzachuluka pa nthawi yomwe ndalama zake zatsika. Ngati pano amatumiza fizi ya ana a abale kapena ndalama ya feteleza, yembekezani kuti zichepa, osati kuchuluka. Inu amalume ake ndi amene mungamutchinjirize pamenepa, popeza iye sangathe kukana yekha popanda kutchedwa wodzikuza. Walira mvula walira matope, ndipo matope ena adzagwera kwanu.

Nthawi ndiye imadyedwa kwambiri. Chaka choyamba aphungu amalumbira Lachitatu loyamba la December, ndipo zokambirana zimayenda kuyambira January mpaka cha pakati pa June. Chaka chachiwiri zimayambira January mpaka cha pakati pa April. Kumayambiriro amakumana masiku awiri kapena atatu pa sabata, koma kumapeto ndi tsiku lililonse, nthawi zina mpaka pakati pa usiku. Ntchito yeniyeni ili m'makomiti, momwe aphungu ndi maseneta amakhalira limodzi kumvetsera anthu wamba akupereka maganizo pa mabilu, ndipo mabilu amafika cha m'ma 2,000 pa zaka ziwirizo. Kuchokera ku Portland kupita ku Augusta ndi ulendo wa ola limodzi, ngati wa Dedza kupita ku Lilongwe, koma m'nyengo ya chisanu msewu uli woterera. Anamwino amene ndawaona akukwanitsa ndi amene anagwirizana ndi chipatala kuti azigwira mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu miyezi ya zokambirana, n'kubwerera ku ntchito yonse chilimwe. Zikutanthauza miyezi 6 yopanda tsiku lopuma. Simunatchule ngati ali pabanja kapena ali ndi ana aang'ono. Ngati ali nawo, mawu a apabanja pake ndi ofunika kuposa anu ndi anga, chifukwa ndi iye amene adzaphike ndi kutenga ana kusukulu.

Pali malo atatu amene ndikufuna afunse akatswiri enieni asanasaine chilichonse. Oyamba ndi kuntchito kwake. Lamulo la Maine limauza olemba ntchito ambiri kuti apereke tchuthi kwa wantchito amene wasankhidwa kukhala phungu, koma tchuthicho sichikhala cholipidwa, chili ndi malire, ndipo munthu amayenera kulemba kalata yodziwitsa abwana msanga akangoyamba ndondomeko yoima. Chachikulu, aone kuti womulemba ntchito ndi ndani. Ngati chipatalacho ndi cha boma la dziko lonse, monga zipatala za asilikali opuma, lamulo la Hatch Act la 1939 limamuletsa kuima pa chisankho choyendera chipani adakali pa ntchito, ngakhale kuti ukhansala wopanda chipani unali wololedwa. Ngati ndi cha boma la steti, palinso zoletsa zake. Achiwiri ndi loya wa tauni yake, amuuze ngati malamulo a tauniyo amamulola kusunga ukhansala ali phungu. Ena amagwira yonse iwiri, koma ine sindilimbikitsa namwino kusenza mitolo itatu. Achitatu ndi za unzika wa kwathu. Malawi inasintha lamulo lake kumapeto kwa 2018 kuti ilole unzika wa mayiko awiri, koma sizichitika zokha, pali mapepala oyenera kulemba, ndipo ofesi ya kazembe wathu ku Washington kapena nthambi yoona za olowa ndi otuluka ingamuuze pomwe iye ali. Uphungu wa ku Maine suwonjezera vuto lililonse pa nkhani imeneyi. Koma ngati abale akulota kuti tsiku lina adzabwera kudzaimira ku Dedza, adziwe kuti malamulo aakulu a Malawi salola munthu amene ali ndi lumbiro la kukhulupirika ku dziko lina kukhala phungu.

Mwina wina pa msonkhano wa banja watchula kale Barack Obama, amene anali seneta wa steti ya Illinois kuyambira 1997 mpaka 2004 asanapite ku Washington. N'zoona, ndipo Janet Mills, mayi woyamba kukhala bwanamkubwa wa Maine, nayenso anadutsa m'nyumba yomweyo ya aphungu 151. Koma ambiri mwa anthu 7,300 aja amatumikira zaka 4, 6 kapena 8, amadutsitsa mabilu awiri kapena atatu amene amawanyadira, n'kubwerera ku ntchito zawo. Ngati mwana wanu ali ndi chinthu chimodzi chomwe chimamusowetsa tulo, kaya kuchepa kwa anamwino m'mawodi, kaya nyumba zosamalira okalamba zomwe zikutsekedwa m'madera a kumidzi, ndipo angathe kuchinena m'mawu ochepa ataima pakhomo la munthu, ndiye ali ndi chifukwa chopitira. Akakuyankhani kuti akungofuna kutumikira anthu, mufunseninso, chifukwa yankho limenelo silingamudzutse 5 koloko m'mawa mu February.

Ine ndikanakhala inu ndikanamudalitsa, koma nditamva mayankho a zinthu izi: zotsatira za zisankho zitatu zapitazi, bajeti ya pakhomo pake yowerengedwa ndi malipiro otsikawo, ndi mawu a apabanja pake. Ngati mpandowo uli ndi mwini amene watsala ndi teremu imodzi, palibe cholakwika kudikira zaka 2 akupitiriza ukhansala.

Ndalama mwasonkha kale ija, abwezereni eni ake, kapena gwirizanani kuti muisunge. Kupita kukaonerera kulumbira kwake n'kovuta, popeza ziphaso zokachezera ku America zavuta kwambiri kwa Amalawi kuyambira 2025. Koma zokambirana za ku Augusta zimaonetsedwa pa intaneti, ndipo mu December nthawi ya ku Maine imatsalira ndi maola 7, choncho m'mawa wa kumeneko ndi madzulo a ku Dedza. Akapambana, ndalamayo ikwana bandulo, mbuzi imodzi ndi mafuta a jenereta ngati magetsi atazima Lachitatu limenelo.